Uvuni Umene Tinaotcha ndi Mitengo ya Amuna Anga

Mitengo ija anabzala ndi amuna anga, m'malire a munda wathu, kuyambira pachulu mpaka kumene njira imakhotera ku Rivirivi. Yambiri inali ya keshya, ina ya malaina apa ndi apo. Ankati ikakula tidzadulemo mapaso a nyumba ya malata, yotsalayo ana adzaone okha chochita nayo. Munthu akathyolako ngakhale kanthambi kokusira mbuzi, ankamutsatira mpaka kwawo. Ine ndemwe sindinkatolamo nkhuni ndisanapemphe.

Anamwalira m'nyengo yozizira, titakolola kale. Sanadwale nthawi yaitali. Anthu anabwera, anaimba, anabalalika. Ine ndinatsala ndi chinthu chimene palibe anandichenjezapo: sindinkamva kanthu. Ndinkadikira chisoni monga umadikirira mlendo amene watumiza uthenga kuti akubwera, koma sichinkafika. M'mawa ndinkasesa pabwalo, kenako n'kutsegula Malemba monga ndachitira kuyambira ndili mtsikana. Mawu onse ndinkawadziwa kumene akuchokera ndi kumene akupita, koma ankangodutsa osandikhudza. Kupemphera sindinasiye. Ndinkagwada, kunena zoyenera kunena, n'kudzuka.

Amene anandizula pakhonde ndi mnzanga wina, mayi wachisilamu wa ku Chikweo amene amuna ake anamutenga kudzakhala kwathu kuno ku Utale kalekale. Timaitanana achemwali ngakhale palibe ubale. Ine ndinakulira pafupi ndi boma la Machinga, choncho Chiyao ndimamva, ndipo iwo akapsa mtima amandilalatira m'Chiyao podziwa kuti palibe liwu limene ligwe pansi.

Tsiku limenelo anafika ndi ndowa ziwiri, imodzi n'kuiponya pamapazi anga.

"Achemwali, mphasayi imera mizu. Dzukani tikatunge madzi."

"Madzi ndili nawo m'nyumbamu."

"Si akumwa ayi. Ndi a njerwa. Kapena ku tchalitchi kwanuko anakuuzani kuti wamasiye asamanyowe?"

Ndinadzuka. Sindinadzuke chifukwa chofuna, koma chifukwa kukana kunkafuna mphamvu zimene ndinalibe.

Nkhani ya njerwayo inali iyi. Chipatala chathu chaching'ono chili kutsidya kwa mtsinje. Amayi oyembekezera amauzidwa kuti mwezi wotsiriza ukakwana apite akadikirire konko, koma kunalibe chidikiro, nyumba yoti azigonamo podikirapo. Opitawo ankagona pakhonde kapena pansi pa mtengo, mvula ikabwera n'kuthithikana m'kanjira ka pakati pa zipinda. Motero ambiri ankazengereza kunyumba mpaka matenda atayamba, ndipo m'dzinja mtsinje sufunsa kuti ukufuna kuoloka chifukwa chiyani. Mwana wamkazi wa mnzangayo anachirira m'mphepete mwa madzi, tsidya lino, dzinja la m'mbuyo mwake. Iye anakhala moyo. Khandalo silinakhale. Mnzangayo sankaikamba nkhaniyi, koma ndi amene ankafika woyamba pankhuti, pamene tinkakumba dothi.

Kwathu kuno chitukuko chimatsatira njerwa. Tinakula tikudziwa zimenezo. Mukafuna kalasi, nyumba ya aphunzitsi kapena china chilichonse, simuyamba ndi kupempha. Mumaumba njerwa, mumaziotcha, mumatuta mchenga, kenako mumatuma anthu ku boma kukanena kuti ife mbali yathu tatha, bweretsani simenti ndi malata. Mudzi wopanda uvuni saumvera. Sukulu imene anaphunzirako ana anga inamangidwa choncho, ndipo tchalitchi chathu ndi mzikiti wa anzathu zinayambanso pankhuti pomwepo. Palibe mmodzi wa ife amene anaganiza zofunsa ngati zinthu zikuyendabe momwemo. Munthu safunsa zimene akuzidziwa.

Tinaumba chilimwe chonse. Azibambo ankaponda dothi ndi kuthamanga ndi zikombole, ife amayi tinkatunga madzi ndi kufundika njerwa zaziwisi ndi udzu kuti zisang'ambike ndi dzuwa. Ntchitoyo inandiyenera, chifukwa sinkafuna mtima, inkafuna khosi ndi miyendo. Ndikasenza ndowa ndinkakumbukira anthu a Mulungu aja ku ukapolo, amene anawaumiriza kuumba njerwa osawapatsa udzu. Ife udzu tinali nawo, ndipo palibe ankatiimira ndi chikwapu, kupatula pakamwa pa mnzanga uja.

Chimene tinalibe ndi nkhuni. Njerwa zitauma n'kusanjidwa, anthu anakhala pansi kuti aone za moto, ndipo zinapezeka kuti zimene mabanja anasonkha sizikanafika patali. Kwathu mitengo inatha. Uvuni waukulu umafuna zipika, osati tinthambi. Wina ankayang'ana kumwamba, wina ankajambula pansi ndi kamtengo. Palibe amene anandiyang'ana, ndipo ndi mmene ndinadziwira kuti onse akuganiza za malire a munda wanga.

"Kaduleni," ndinatero.

Alamu anga, mng'ono wawo wa malemu, anatembenuka msanga. "Alamu, mwati chiyani? Achimwene dothi silinaume n'komwe."

"Ndati akadule."

Anthu anaomba m'manja, ena mpaka anatchula za mayi wamasiye uja wa m'Malemba amene anaponya m'chopereka zonse zimene anali nazo. Ndinkafuna kuwauza kuti si choncho. Mayi ujayo anamva kulemera kwa chimene anapereka. Ine mitengoyo ndinaipereka ngati mmene umaperekera mpando umene sunakhalepo. Tsiku lodula ndinaima patali n'kumaonerera ikugwa umodzi umodzi, nkhwangwa zikulira. Ndinaona kuti mundawo wakula ndiponso kuti nyumba za tsidya lija zikuoneka. Zina sindinaone.

Moto wa uvuni ukayaka sufuna kusiyidwa mpaka njerwa zitapsa, ndipo unatipeza pakati pa masiku opembedza. Tinagwirizana mosavuta. Lachisanu Akhristu tinasonkhezera kuti anzathu akaswali, Lamulungu iwo anagwira moto ife tili ku tchalitchi. Nyimbo tinkaimba utsi ukulowa pazenera. Uvuni utazilala, mkulu wina anasolola njerwa imodzi pamwamba n'kuigogoda ndi chikwanje. Inalira ngati chitsulo. Anamatanso bwinobwino pamene anasololapo, chifukwa uvuni womata umatha kudikira, koma ukangotsegulidwa njerwa zimamera miyendo. Popeza unali pafupi ndi munda wanga, anati ndiziuyang'anira ndine.

Pa nthawiyo ndinali m'komiti ya chitukuko ya dera lathu, kuimira amayi a m'mipingo. Uthenga utabwera woti ku boma kuli msonkhano womva maganizo a anthu pa ntchito za chaka chotsatira, anasankha apampando athu ndi ine. Apampandowo ndi bambo wofatsa, mlimi wa thonje, amene amavala jekete ngakhale kutenthe bwanji. Tinakwera kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi. Mnzanga uja anandiperekeza mpaka pachulu.

"Mukakafika musakangoti ameni ameni," anatero. "Mukawauze kuti njerwa zapsa."

M'chipinda cha msonkhanomo munali anthu ambiri: makhansala, akuluakulu a maofesi, amalonda a m'tauni ya Balaka, ndi ife ochokera kumidzi, amene tinakhala kumbuyo. Kutsogolo anapachika chithunzi cha nyumba imene inali isanamangidwe. Inali yosanja, yamagalasi, pansi pake holo yaikulu, pamwamba maofesi. Wojambulayo anaikamo ndi tianthu tikuyenda pabwalo, ndi mitengo yobiriwira mbali zonse. Ndinaiyang'ana mitengoyo nthawi yaitali.

Ndinapita ndikuganiza kuti ndikamva anthu odzikonda akufuna nyumba yodzitamira nayo, koma si zimene ndinamva. Mayi wina wa muofesi anafotokoza kuti maofesi amene alipo ndi akalekale, amadontha, ndipo m'dzinja amatchinga mapepala a anthu ndi mapulasitiki. Anati misonkhano ikuluikulu amakachitira m'malo obwereka olipira, ndipo holoyo ikamangidwa anthu azidzabwereka pa maukwati, zimene zingabweretse kenakake kothandizira ntchito zina. Mnyamata wina wamalonda anaimirira n'kunena kuti tauni yopanda nyumba yooneka imangokhala podutsira magalimoto, anthu amagulapo mbatata pazenera n'kupitirira. Ambiri anaseka, koma anavomereza.

Khansala wina wa dera lakutali anatsutsa. Anati nyumba imodziyo imeza zimene zikanamanga tinthu tambirimbiri: timilatho, mijigo, zimbudzi za m'sukulu, denga la msika wina limene linasasuka ndi mphepo. Anati holo ikhoza kudikira, koma mwana amene akuphunzirira pansi pa mtengo akukula, sadzabwereranso kudzakhala m'kalasi. Anamuyankha kuti tinthu tating'ono timeneto sitidzatha, chaka chilichonse timabadwa tina, ndipo mukamadikira kuti tithe simudzamanga chachikulu mpaka kalekale. Iyenso anali ndi choyankha. Ine ndinkamvetsera uku ndi uku, ndipo aliyense akamalankhula ndinkaona kuti akunena zoona.

Atafunsa ngati a kumidzi tili ndi mawu, apampando athu anandigunda ndi chigongono. Ndinaimirira n'kunena monga tinapanganira. Ndinati kwathu amayi akuchirira m'njira, tikupempha chidikiro, ndipo sitinabwere chimanjamanja, mbali yathu tatha. Mchenga ulipo, njerwa zilipo, chatsala ndi simenti ndi malata.

Amene anandiyankha ndi mkulu woona za zomangamanga, bambo wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anaimirira polankhula nane, ndipo zimenezo ndinaziona.

"Amayi, zikomo. Njerwa zanuzo ndi zootcha?"

"Eya, bambo. Zapsa bwino. Mukaigogoda ikulira ngati chitsulo."

"Pepani kwambiri, amayi. Nyumba za boma masiku ano sitikumangiranso njerwa zootcha. Tikugwiritsa ntchito mabuloko a simenti. Si ife tinayambitsa ayi, ndi lamulo, ndipo lili ndi chifukwa chake. Mauvuniwa atha mitengo. Inu nomwe mukuona mmene kwayerera kumidziku."

"Ndikuona," ndinatero.

"Mitengo yatha, amayi."

"Yatha, inde."

Ndinakhala pansi. Palibe amene anaseka. Apampando anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Ndinazimvapo pawailesi zimenezi, koma ndimayesa akunena za m'tauni." Thukuta linali likutsika m'khosi mwa jekete lawo. Sindinawakwiyire. Ndikanamva ndine, ndikanayesanso chimodzimodzi.

Pamapeto pake amene ali ndi udindo wosankha anasankha holo. Chidikiro chathu sanachikane. Anati chidzaganiziridwa m'tsogolo pamodzi ndi timilatho ndi mijigo ija. Anatipatsa chakumwa ndi mabanzi, ndipo ndinadya langa lonse.

Mnzanga uja ndinamupeza pauvuni, atakhala pa chitsa cha keshya. Ndinamufotokozera zonse mwa ndondomeko yake. Anayamba m'Chichewa n'kumalizira m'Chiyao, ndipo zina zimene ananena sindingazilembe. Atatopa anandiyang'ana.

"Nanga inu, simukulira bwanji? Mitengo ndi yanga kodi?"

"Sindikudziwa, achemwali."

"Mwawauza kuti ndi mitengo ya malemu?"

"Iyayi."

"Chifukwa?"

"Sanafunse. Ndipo ikanakhala umboni wa iwowo, osati wathu."

Anamenya uvuniwo ndi chikhatho, dothi n'kuyoyoka pang'ono. "Ndiye tiziutani uwu? Tiziswalira momwemu?"

Miyezi yotsatira ndinaisenza nkhaniyi kupita nayo ku Malemba, chifukwa ndilibe kwina kumene ndimapita nazo zinthu. Ndinkafuna andiuze amene walakwa, kuti mwina ndikapeza womukwiyira ndiyambe kumva kanthu. Ndinakumbukira anthu aja anamanga nsanja m'chigwa kuti atchuke, amenenso anayamba ndi kuotcha njerwa, ndipo ndinati holoyo ndi imeneyo. Koma oumba njerwa zootcha pankhani yathu tinali ife. Ndinakumbukira ophunzira aja akuonetsa Ambuye miyala ikuluikulu ya kachisi, Iye n'kuwauza kuti yonse idzagwa. Komanso ndinakumbukira mayi uja anaswa nsupa ya mafuta odula n'kuwathira pamutu pa Ambuye, anthu n'kuyamba kung'ung'udza kuti akanagulitsa n'kuthandiza osauka. Kuyambira ubwana wanga ndakhala ndikuwaweruza ong'ung'udzawo, ndipo tsopano ndinapezeka nditakhala pabenchi lawo, mawu awo ali pakamwa panga. Ndikudziwa kuti holo si mutu wa Ambuye. Komabe ndimeyo inandiletsa kunena msanga kuti chilichonse chodula ndi tchimo.

Imene sinandisiye ndi ija ya munthu wofuna kumanga nsanja, amene amayamba wakhala pansi kuona ngati adzaimaliza. Ndinkafuna kuiponya kwa a ku boma, koma iwo anakhaladi pansi, ndinawaona ndi maso anga. Amene sitinakhale pansi ndife. Tinadzuka m'mamawa ndi zikombole, tili ndi chikhulupiriro chonse, pa njira imene inali itatsekedwa kale. Ndipo pansi pa zonsezo panali ndime ina imene sindinkachita kuifuna, inkabwera yokha: mtsikana woyembekezera ali paulendo, malo ogona atasowa, n'kukachirira modyera ziweto. Mwana amene anabadwayo ndiye Ambuye amene ndimamupembedza. Sindikanatha kuiwala kumene anabadwira. Ndinkaziika zonsezi mbali ziwiri, m'mawa uliwonse, ndipo sikelo yake sinkapendekeka. Mwina inkapendekeka, koma dzanja langa silinkamva.

Kenako nkhaniyo inalowa m'nyumba mwanga momwe. Mwana wanga wamwamuna wotsiriza ankakhala ku Liwonde, akupalasa kabaza ya eni ake, mkazi ndi mwana akugona ndi njala masiku ena. Ntchito ya holo itayamba anamulemba, ndipo ntchito yake inali youmba mabuloko a simenti. Anayamba kunditumizira sopo, shuga, nthawi ina nsalu. Ndinkamwa tiyi wa shuga ameneyo nditakhala pakhonde, uvuni uli patsogolo panga.

Tsiku lina nditapita ku Balaka kukagula mbewu anandikakamiza kuti ndikaone. Anandilowetsa pachipata atavala chisoti cholimba chimene chinkamukulira.

"Masteni, taonani khoma ilo. Mabuloko onsewo adutsa m'manja awa."

"Ndati usamanditchule choncho. Ndine mayi ako."

"Pepani amayi. Koma taonani kaye. Kukula kwakeko! Mudzabwera pa ukwati wa mdzukulu wanu muno."

Nyumbayo inali yaikuludi. Sindinaonepo denga lotalika choncho popanda mzati pakati. Ndinaganiza za bambo anga, amene anali mesenjala ku boma la Machinga, mmene ankavulira chipewa podutsa pa maofesi ngakhale Lamulungu, mulibe munthu. Akanaiona iyi akanayenda chogwada. Mwana wangayo nkhope yake inali itadzaza, ndipo ankayenda ngati munthu amene ali ndi kwawo. Anandifunsa za uvuni, ndinamuuza kuti ulipo. Anakanda m'mutu pansi pa chisoticho.

"Zija za adadi zija, amayi, musamaziganizire kwambiri."

"Sindiziganiza."

Anayesa kuti ndikumutonthoza, koma ndinkanena zoona.

Dzinja lachiwiri linabwera n'kumaliza kukokolola dothi limene tinamata. Ngodya imodzi inatseguka, ndipo monga tinkadziwira, njerwa zinamera miyendo. Wina anatenga zitatu za mafuwa, wina za pakhomo la chimbudzi. Ena ankapempha, ena ankadutsa ine ndili kumunda. Ndinali mlonda wosadziwa chimene akulondera, choncho sindinkathamangitsa munthu. Dzinja lomwelo amayi ena awiri a m'midzi yathu anachirira kunyumba mtsinje utadzaza. Mulungu anachita chifundo, onse ali moyo ndi ana awo. Zitsa za keshya zinaphuka, mphukira zambirimbiri pa chitsa chimodzi. Anthu ankandionetsa mphukirazo ngati chizindikiro. Mbuzi zinadyako zina, zina zinatsala.

Mvula itatha komiti inagwirizana kuti njerwa zotsalazo zigawidwe kwa mabanja amene anagwira ntchito, zisanathe zokha. Ine anandipatsa gawo lalikulu chifukwa cha nkhuni. Madzulo a tsiku lomwelo alamu anga anafika, n'kukhala pampando wa malemu.

"Alamu, chaka chakwana ndi kupitirira. Manda a achimwene akadali mulu wa dothi. Anthu akutiseka. Mulungu wakupatsani njerwa, ndipo ndi zopsa ndi mitengo yawo yomwe. Simenti tisonkha ife. Timange chiliza."

Sananene zolakwika. Kwathu manda a munthu wamkulu sasiyidwa choncho, ndipo panalibe njerwa zina padziko zoyenera mandawo kuposa zimenezo. Ndinawauza kuti ndiganize.

M'mawa mwake mnzanga uja anabwera ndi nkhani yake. Anali atapita kukaonana ndi anamwino aakulu a pachipatala paja. Iwo anamuuza kuti m'kati mwa mpanda simungamangidwe nyumba ya njerwa zathuzo, koma kunja kwa mpanda si kwawo. Mkulu wina wa kumzikiti amene munda wake wagundana ndi mpandawo anavomera kupereka kangodya. Gawo la mnzangayo ndi la amayi ena ochepa silikanakwana ngakhale kufika pazenera.

"Sindikukupemphani ayi," anatero. "Munapereka kale, ndipo zinapita m'madzi. Ndangoti mudziwe."

"Alamu akufuna chiliza."

"Ndamva. Mangani. Ife kwathu manda sitimangira, koma inu ndi mwambo wanu. Bambo aja anali munthu."

Atapita ndinakhala ndi funso lomwe lija la ku boma, koma tsopano lili laling'ono moti likukwana pabwalo langa. Mbali iyi chinthu chooneka, chokhalitsa, cholemekeza munthu woyenera ulemu ndi kuchotsa manyazi pa banja. Mbali iyo kachipinda ka anthu amene sindikuwadziwa, kamene mwina kadzagwa pakapita madzinja angapo. Tsopano panalibe makhansala oti ndiwaonerere ndili kumbuyo. Ndinapemphera, ndipo sindinamve yankho lililonse. Ndinangokumbukira kuti mtsogoleri uja anatulutsa anthu a Mulungu ku ukapolo wa njerwa anaikidwa pamalo amene mpaka lero palibe akuwadziwa, ndipo Mulungu sanamutaye. Ndinakumbukiranso kuti mitengoyo ndinali nditanena kale ntchito yake pamaso pa anthu, ndipo amuna anga ankadana ndi munthu wosintha mawu kuposa wakuba nthambi.

Ndinapita kwa alamu ndekha kukawauza.

"Ndiye achimwene azigona ngati mlendo?" anafunsa.

"Chiliza tidzamanga, alamu. Koma osati ndi izi."

"Ndi ziti? Za simenti za mwana wanuyo?"

"Kapena."

Sanaseke. Anakhala nthawi yaitali osandilankhula, ndipo mpaka lero moni wawo ndi waufupi.

Njerwazo tinaolotsa pamutu ndi panjinga, mtsinje utaphwa. Anamanga ndi dothi, popanda simenti. Mapaso anasowa, poti mitengo ya mapaso ndi imene inapsereza njerwazo, choncho anaika nsungwi n'kufolera ndi udzu. Chinatuluka ndi chipinda chimodzi, chachifupi, cha zenera limodzi, chimene anthu amachitcha khitchini chifukwa palibe angachitche chidikiro osachita manyazi. Amayi amaphikiramo masana, usiku n'kuyalamo mphasa. Sakwanamo onse. Ena amagonabe pakhonde la chipatala. Chidikiro chenicheni tikuchiyembekezabe, ndipo apampando amakakumbutsa nthawi iliyonse akapita ku boma, atavala jekete lawo.

Holo ija inatha. Ndinalowamo kamodzi pa msonkhano wa amayi a m'mipingo, ndipo mawu a nyimbo ankamveka bwino kwambiri. Mwana wanga anaphunzira ntchito kumeneko, pano akumanga nyumba za anthu ku Liwonde. Ndikafunsidwa ngati a ku boma anasankha bwino, ndimati sindikudziwa, ndipo anthu amayesa ndikuopa. Manda a amuna anga akadali mulu wa dothi. Ndimakalimirira udzu, ndipo ndinawauza zonse ndili chogwada pamenepo, monga ndinkawauzira za kumsika.

Tsiku lina ndikuchokera kukalandira mankhwala ndinalowa m'kachipindako kuti ndipumule. Munali amayi angapo, ena akusenda nandolo, wina atagona chammbali atagwira msana. Sankandidziwa. Ndinakhala pansi n'kutsamira khoma. Linali lofunda ndi dzuwa, ndipo kutenthako kunalowa mu nsalu mpaka kumsana. Ndinakhala choncho osaganiza kanthu, mpaka mtsikana wina wa mimba yaikulu anandigwira paphewa.

"Agogo, tasunthani pang'ono. Pamenepo ndi pogona mnzanga, wangopita kusikelo."

Ndinasuntha.